Tsokonombwe Anatha Mtunda n'Kudumpha

Aliyense amene anakulira m'chigwa ichi cha kuzambwe kwa Lilongwe, kumene dziko linayalidwa ngati mphasa kuchokera m'tsinde mwa Dzalanyama kufikira ku Bua, ndipo anawolokapo mtsinje wa Namitete kapena wa Nambuma madzi a dzinja atangoyamba kuphwera, adziwa chimene chimachitika mumtima mwa munthu ali chiimire pamwala umodzi, maso ali pamwala wina: amayesa mtunda ndi diso, nafunsa miyendo yake ngati ingathe, ndipo pamene phazi lachoka pamwalapo palibenso kubwerera, pakuti chotsala n'kutera pouma kapena kugwa m'madzi. Ndayambira kumtsinje chifukwa pali mtundu wa masewero a pa kompyuta, amene kwawo amawatcha platform, umene mtima wake wonse uli m'kanthawi kameneka ka pakati pa mwala ndi mwala. Ndipo ndafuna kuti amene sanagwirepo gemu chibadwire asadziyese alendo pa nkhani imene ndikudzakambayi, popeza anaisewera kale ndi matupi awo, monganso asungwana athu amaisewera tsiku ndi tsiku pa phada.

Masewero a mtundu umenewu si a dzulo. M'chaka cha 1981 kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa Donkey Kong, ntchito ya Shigeru Miyamoto, m'mene kamunthu kamakwera makwerero kakulumpha migolo. Ndipo mu 1985 kamunthu komweko kanabweranso mu Super Mario Bros, amene dzina lake linafika ngakhale kumene magetsi sanafike. Kuno kwathu ambiri anaulawa mtunduwu pa mafoni a Nokia, pamene ankayendetsa kampira kofiira ka Bounce pakati pa minga ndi mphete. Koma lero, mukaima pakhomo pa tinyumba ta magemu m'misika ya Nsaru kapena Mpingu, chimene mumva kwambiri ndi phokoso la mpira wa miyendo, ndipo anyamata ambiri akhazikika m'maganizo akuti gemu ndi chinthu chopangidwa ndi makampani akuluakulu a kutsidya kwa nyanja, chimene munthu wamba amangolipira kuti achigwire kanthawi.

Chimene chinandichotsa m'maganizo amenewo ndi mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzira ku tauni, ndipo pa tchuthi china anafika kumudzi kwathu cha ku Kabudula ndi laputopu yakale m'chikwama. Madzulo ena, titatha kukolola mtedza, anandiitana nati, "Atsibweni, bwerani mudzaone phiri limene anthu awiri anamanga m'masiku anayi." Ndinakhala pambali pake, ndipo kuyambira usiku umenewo kufikira tchuthi chitatha ndinalikwera phirilo pang'onopang'ono, monga momwe batire ya sola inkatilolera.

Dzina la kasewero kameneka ndi Celeste, ndipo masiku ano amakatcha Celeste Classic pofuna kukasiyanitsa ndi mng'ono wake wamkulu thupi amene anabadwa pambuyo. Anakapanga mu 2015 ndi Maddy Thorson ndi Noel Berry a ku Canada, m'masiku anayi okha, osati kuti akagulitse, koma monga amisiri awiri amene apeza kachidutswa ka mtengo nati tiyeni tiyesepo mipeni yathu. Ndiyenera kunena zoona pano, kuti Thorson sanali mlendo pa ntchitoyi, pakuti anali atatulutsa kale TowerFall mu 2013. Komabe anayambira kunyumba ali wachichepere, ndi timasewero taulere monga Jumper ka mu 2004, ndipo Celeste woyambayo ali ndi zizindikiro zonse za ntchito ya pakhonde: n'kakafupi, n'kaulere, kalibe kampani kumbuyo kwake, ndipo aliyense wofuna akhoza kukatsegula mimba naona mmene kanalukidwira.

Chida chimene anagwiritsa ntchito chimatchedwa PICO-8, chopangidwa ndi Joseph White wa Lexaloffle Games, ndipo n'chodabwitsa chifukwa mwini wake anachimanga chopapatiza mwadala. Galasi lake lili ndi timadontho 128 m'litali ndi 128 m'lifupi. Mitundu ya utoto ndi 16, osapitirira. Mawu a nyimbo amayenda m'njira zinayi zokha. Ndipo gemu yonse, zithunzi, nyimbo ndi malamulo ake olembedwa m'chinenero cha Lua, iyenera kukwana m'makilobaiti 32, malo ochepa kuposa chithunzi chimodzi chimene timatumizirana pa WhatsApp. Munthu wopanga kanthu m'khola laling'ono chotere alibe poti n'kubisa ulesi wake. Sangaphimbe kulumpha koipa ndi zithunzi zonyezimira, monga mayi wophika ndiwo zopanda mafuta sangabise dzanja lake. Ngati zakoma, zakoma chifukwa wadziwa moto ndi mchere.

Nkhani yake n'njosavuta. Kamunthu ka tsitsi lofiira kakukwera phiri la chipale, ndipo phirilo lagawidwa m'zipinda 30, chilichonse chikuimira mamita 100, kotero kuti wofika pamwamba wakwera mamita 3,000. Ndipo pamene ndinaona chiwerengerocho mtima wanga unathamangira ku Mulanje, pakuti nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo kuyambira pomwepo ndinaleka kuliona ngati phiri la eni. Kamunthuko kamadziwa zinthu zitatu zokha: kuyenda, kulumpha, ngakhale modzikankha pakhoma, ndi kudziponya ngati muvi kuloza mbali iliyonse mwa mbali zisanu ndi zitatu. Kudziponyako kamakuchita kamodzi kokha kali m'malere, ndipo sikangabwerezenso kufikira katapondanso pansi kapena katakhudza chibaluni. Mulibe adani m'phirimo, mulibe mfuti, mulibe wokuthamangitsa. Mdani ndi zisonga, maenje, miyala imene imagumuka ukangoiponda, ndi chala chako chomwe.

Ubwino woyamba umene ndinauona, ndisanadziwe n'komwe kuti ndi nzeru ya mmisiri, ndi wakuti chipinda chilichonse chimaoneka chonse pagalasi nthawi imodzi. Polowera pali apa, potulukira pali pamwamba apo, ndipo zonse zimene zingakuphe zili poyera, kotero kuti ukhoza kuima, kupuma, ndi kuyenda njira yonse ndi maso usanasunthe phazi, monga amachitira wosewera bawo wodziwa, amene amafesa njere mumtima dzanja lisanalowe m'dzenje. Ukagwa, sulangidwa ndi kubwezedwa kutsinde kwa phiri, kapena kuwerengeredwa miyoyo itatu monga zinkakhalira m'masewero akale; m'kuphethira kwa diso uli kale pakhomo pa chipinda chomwecho, ndipo mkwiyo usanakwere pakhosi chala chayambanso. Ichi ndicho chimachititsa kuti munthu agwe kasanu, kakhumi, makumi atatu pamalo amodzi, osataya mtima, pakuti kugwa kulikonse kumamuphunzitsa kanthu kamodzi ndipo sikumulanda chimene anapeza kale.

Chachiwiri ndi tsitsi lija. Pamene mphamvu yodziponya ilipo, tsitsi limakhala lofiira. Ikangogwiritsidwa ntchito, limasanduka la mtundu wa thambo. M'masewero ambiri nkhani yotere amailemba pakona pa galasi, ndipo diso limayenera kuchoka pangozi kukawerenga. Koma awa anaika chizindikiro pamutu pa kamunthu kamene diso lako lili kale pa iko. N'kanthu kakang'ono, koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito ya mmisiri weniweni imadziwika m'tinthu totere.

Koma chimene ndifuna kukhalapo nthawi yaitali ndi chifundo chobisika chimene chili m'kati mwa kasewero kooneka kouma mtima aka, popeza pamenepo ndi pamene pagona kusiyana kwa gemu yovuta ndi gemu yankhanza. Tsiku lina mphwangayo anatsegula malamulo a kaseweroko nandionetsa mizere iwiri. Gemuyi imajambula zithunzi 30 pa sekondi iliyonse. Mzere woyamba ukunena kuti munthu akachoka pamphepete pa mwala, phazi lili kale m'malere, amaloledwabe kulumpha kwa zithunzi 6, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, ngati kuti mwalawo wamutsata pang'ono ndi kumuchirikiza. Mzere wachiwiri ukunena kuti akafulumira kudina batani lolumphira asanatere, kudinako kumasungidwa kwa zithunzi 4, ndipo akangoponda pansi kulumpha kumachitika monga anafunira. Wosewera sauzidwa zimenezi, ndipo sadziwa kuti wakhululukidwa; amangomva kuti kamunthu kakumvera. Tinayesa kusintha 6 uja kuti akhale 0, ndipo phiri lomwelo, zipinda zomwezo, linasanduka chinthu china: kulumpha kumene dzulo kunkatheka kunayamba kukanika, ndipo ine, amene ndinaona ndi maso anga chimene tasintha, ndinamvabe ngati batani lawonongeka. Pamenepo ndinazindikira kuti opangawo sanamange gemu yoweruza chala monga mwa chilamulo, koma yoweruza monga mwa cholinga cha mtima. Anadziwa kuti pakati pa diso ndi dzanja la munthu pali kampata, ndipo m'malo momutchera msampha m'kampatako, anakakwirira mwakachetechete. Masewero ambiri a ongoyamba kumene amagwera pomwepa, pakuti wowapanga amayesa kuti chilungamo ndi kuuma, ndipo wosewera amachoka akunena kuti gemuyo n'njabodza, ngakhale sangathe kuloza pamene pali bodzalo.

Kaphunzitsidwe kakenso n'koyamikika, pakuti sikalankhula. Chinthu chatsopano, kaya ndi sipuling'i yokuponya m'mwamba, kaya ndi mitambo yoyenda imene uyenera kuikwera, chimayamba kuoneka pamalo pamene ukhoza kuchiyesa, ndipo pambuyo pake chimabwera chophatikizidwa ndi zimene unaphunzira kale. Palinso zipatso za sitiroberi 18 zomwazika m'phirimo, zina m'mabokosi ofuna kiyi, zina zamapiko zimene zimauluka n'kuthawa ukangodziponya m'chipindamo, kotero kuti uyenera kuzifikira ndi kulumpha kokha. Palibe amene amakukakamiza kuzitenga. Wofooka amazidutsa napitirira ulendo, wamphamvu amapatuka nadzisankhira yekha mtolo wolemera, ndipo chotero chipinda chimodzi chimatumikira anthu awiri osiyana msinkhu.

Tsono, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ndikadakhala mboni yonama ndikadaleka kunena zofooka zake, makamaka zimene zimaonekera kwambiri kaseweroko kakafika m'manja mwa mwana wa ku Nambuma kusiyana ndi mwana wa ku Vancouver ku Canada.

Chachikulu n'chakuti kanapangidwira zala zokhala pa kiyibodi. N'zoona kuti kamatseguka pa foni kudzera pa intaneti, ndipo sikadya bandulo yambiri. Koma pa foni mabatani amakhala ojambulidwa pagalasi losalala, chala sichimva pamene batani lina lathera ndi pamene lina layambira, ndipo gemu imene moyo wake uli pa kuloza mbali imodzi mwa zisanu ndi zitatu m'kanthawi kochepa imasanduka chizunzo. Ufuna kudziponya chopingasa, kamunthu kapita molunjika m'zisonga, ndipo chilungamo chonse chimene ndachitamanda chija chatha, pakuti tsopano ukufa chifukwa cha chida, osati chifukwa cha kulakwa kwako. Kwathu kuno, kumene pa nyumba zambiri foni ndiyo kompyuta yokhayo, ndipo galasi lake nthawi zambiri n'losweka, ichi si chilema chaching'ono.

Chinanso n'chakuti sikasunga pamene wafika. Opangawo anaganiza za munthu amene akhala pansi namaliza ulendo wonse nthawi imodzi, ndipo akatswiri ake amaumaliza m'mphindi zosakwana zitatu. Koma wongoyamba amafuna ola kapena maola, ndipo kumene moto wa laputopu umadalira dzuwa la tsikulo, kuzima kwa galasi uli pa mamita 1,900 ndiko kubwerera kutsinde. Zinatichitikira kawiri, ndipo kachiwiriko mlongo wake wamng'ono wa mnyamatayo, amene anali atalimbana nalo phirilo madzulo onse, anadzuka osanena kanthu napita kukagona. Chilango chimene gemu inakana kupereka, umphawi wa magetsi unachipereka m'malo mwake.

Ndiponso chifundo chake chili ndi malire. Chimakhululukira chala chochedwa pang'ono, koma sichidziwa kanthu za munthu amene dzanja lake n'lopuwala, kapena nkhalamba imene maso ake satsata kanthu kothamanga. Kwa otere pali chipinda china chimene chidzakhala khoma mpaka kalekale, ndipo palibe njira yolambalala. Eni ake anachiona chilemachi, pakuti mu Celeste wamkulu, amene anatuluka pa 25 January 2018, anaikamo njira yotchedwa Assist Mode, yolola munthu kuchepetsa liwiro la gemu kapena kudutsa pamene pamukanika, popanda kumunyoza.

Za nkhani ndinganene mwachidule, chifukwa nayonso n'njachidule. Sitiuzidwa kuti kamunthuko ndani, kachokera kuti, kapena chikukakwezetsa phiri n'chiyani. Pa mamita 1,200 pali mwala wa chikumbutso cha amene anafera m'phirimo, wolembedwa m'Chingerezi, ndipo ndi pokhapo pamene kaseweroko kamayesa kukhudza mtima ndi mawu. Ife amene tinakulira pa nthano za kumoto, kumene ngakhale kalulu salumpha dzenje popanda chifukwa, timamva njala pamenepa. Dzina lakuti Madeline, ndi nkhani ya kulimbana kwake ndi nkhawa ndi mantha a mumtima mwake, pamodzi ndi nyimbo za Lena Raine, zonsezo zinadza mu 2018, ndipo ndizo zinathandiza kuti gemu yaikuluyo ilandire mphotho ziwiri pa The Game Awards chaka chomwecho. Woyambayu ndi mafupa ndi mitsempha. Mnofu unadza pambuyo. Nyimbo zake, ngakhale n'zokoma poyamba, zimazungulira pomwepo ngati ng'ombe ya pachingwe, ndipo zipinda zambiri zimafanana nkhope, moti ukafunsidwa m'mawa mwake sungathe kusiyanitsa cha pa 700 ndi cha pa 900.

Pali chinthu chimodzi chimene mtima wanga uli pawiri. Pa mamita 2,200 munthu amapeza bokosi lalikulu, ndipo m'menemo muli mphatso imene imamupatsa kudziponya kawiri m'malere, tsitsi nkusanduka lobiriwira. Chimwemwe cha kanthawi kameneko n'chachikulu, pakuti malo amene akadaoneka osatheka atseguka ngati chitseko. Koma zipinda zotsala n'zochepa, ndipo pamene dzanja layamba kuzolowera mphamvu yatsopanoyo, mbendera ya pansonga yafika kale, ikukuonetsa zipatso zimene watola, nthawi imene watha, ndi kangati wagwa. Tsiku lina ndimati anafulumira kutseka. Tsiku lina ndimati mlendo wabwino amatsazika anthu akumufunabe. Masiku anayi sakadabala zoposa pamenepa, ndipo mwina n'chifukwa cha njala yomweyo kuti anthu ambiri atenga malamulo a kaseweroko namanga mapiri awoawo pamwamba pake, ndiponso eni ake anabwereranso ku PICO-8 mu 2021 ndi Celeste 2: Lani's Trek.

Nanga zonsezi zitikhudza bwanji ife a ku Namitete ndi Nsaru? Ana athu ayamba kugwira zida zimene makolo awo sanazilote. M'sukulu zina za pulaimale muli matabuleti otchajidwa ndi dzuwa, ophunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. Mumzinda wa Lilongwe, mHub, imene anayambitsa Rachel Sibande, yakhala ikuphunzitsa ana ndi atsikana kulemba malamulo a kompyuta. Ndipo Scratch, chida chaulere chimene chinatuluka ku yunivesite ya MIT mu 2007, chimalola mwana kumanga gemu mwa kulumikiza zidutswa ngati njerwa. Mwana wotere akafuna kupanga kanthu kake koyamba, kawirikawiri amayamba ndi kamunthu kolumpha, ndipo zolakwa zake zimadziwika zisanachitike: adzabwereka zithunzi za Mario m'malo mojambula zake, adzafuna zipinda zana asanakonze chimodzi, kamunthu kake kadzatereka ngati koyenda pamatope a m'dambo kapena kadzamira m'khoma, ndipo koposa zonse adzaiwala kuti iye waisewera gemuyo kambirimbiri pamene mnzake akuiona koyamba. Kwa mwana ameneyu sindidziwa mphunzitsi woposa Celeste wamng'onoyu, chifukwa gemu zazikulu za m'tinyumba ta kumsika zimamuuza kuti ntchitoyi si ya msinkhu wake, pamene aka kamamuonetsa mimba yake yonse, ndipo akhoza kukawerenga kuyambira mzere woyamba kufikira womaliza m'masiku owerengeka.

Sabata lomaliza la tchuthi mphwangayo analeka kukwera phiri la eni nayamba kujambula chipinda chake. Anachotsa chipale naika mtsinje wodzala, miyala isanu yowolokera, ndi ulalo wa mtengo umodzi umene umagwa ukauponda, ndipo kutsidya anaika mtengo wa mango m'malo mwa mbendera. Iye ankawoloka mosavuta, kasanu ndi kawiri motsatizana, nkhope ili ngwee. Kenaka anapereka laputopu kwa mlongo wake uja, amene anagwa pamwala wachiwiri, nagwanso, nagwanso, kufikira anakankha chidacho nati, "Achimwene, mwala uwu mwauika patali dala." Mnyamatayo anatsegula pakamwa kuti adziteteze, koma anadzigwira, anatenga laputopu, nayang'ana nthawi yaitali, nasendeza mwalawo kadanga kamodzi kokha, timadontho 8, nawonjezera wina waung'ono patsogolo pake poyeserapo phazi popanda ngozi. Msungwanayo anagwa kawiri, ndipo kachitatu anawoloka, nafunsa ngati kuseri kwa mtengo wa mango kuli chipinda china.